MLANDU WA MOTO WA KU TUNGUSKA

Mau amene mmodzi wa aphunzitsi acinyamata ananena pa msonkhano wathu wa cigawo

 Ine ndine mwana pakati panu, ndipo ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Cotero ndikaphophonya, mundikonze monga makolo.

Nkhani yanga iyambira pa sukulu pathu. Usiku wina m'nyengo yacisanu, kuunika kwakukulu kunadutsa kumwamba, ndipo anthu amene anali kuotha moto pabwalo anakuona. Kutaca, ana a m'kalasi mwanga anafika ali nalo kale yankho. Anati linali licero la mfiti, ndipo ena anachula ndi dzina lomwe la agogo ena amasiye a m'mudzi wapafupi, kuti ndiwo anali kuuluka. Ine ndinawadzudzula, ndi kuwauza kuti unali mwala wocokera kumwamba. Pomwepo mnyamata wina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga mwalawo uli kuti?" Ndinasowa coyankha. Ndinaona kuti mau anga analibe umboni, monganso mau a anawo, ndi kuti ndinawapambana kokha cifukwa ndine mphunzitsi. Agogo aja anakhala masabata angapo osapita kucitsime masana.

Funso la mnyamatayo linandituma kukawerenga, ndipo ndinapeza kuti ndi lomwelo limene labvuta anthu ophunzira a m'maiko ambiri kwa zaka zoposa 100. Akulu anati mlandu suola. Tsono ndifuna kukufotokozerani mlandu umenewu monga momwe milandu iyendera pabwalo la mfumu: poyamba cimene cinacitika, kenaka mboni, kenaka oganiziridwa, ndipo potsiriza ciweruzo ndi phunziro lace kwa ife aphunzitsi.

1. CIMENE CINACITIKA

Pa 30 June, 1908, nthawi itangopitirira 7 koloko m'mawa, moto waukulu unaoneka kumwamba ku Siberia, m'dziko la Russia, pafupi ndi mtsinje wochedwa Podkamennaya Tunguska. Dziko limenelo ndi la nkhalango ndi madambo, lozizira kwambiri, ndipo anthu ace ndi owerengeka. Motowo unadutsa mumlengalenga, nuphulika ndi phokoso lalikulu. Mitengo pafupifupi 80 miliyoni inagwa pa malo okwana makilomita 2,150 m'bwalo lace lonse. Kuti mumvetse kukula kwace, ganizani munda wa mbali zinai, mbali iri yonse yotalika monga kucokera ku Lusaka kufika ku Kafue. Mphamvu ya kuphulikako inaposa kamazana ambiri mphamvu ya bomba limene linaononga mzinda wa Hiroshima m'caka ca 1945.

2. MBONI

Mboni zoyamba ndi eni dziko, anthu a mtundu wa Evenki, amene aweta nyama zonga mbawala monga momwe ife tiwetera ng'ombe. Iwo anasimba za misasa yao imene inauluka ndi mphepo, za ziweto zimene zinafa, ndi za nkhalango imene inayaka moto.

Mboni ina ndi munthu wochedwa Semenov, amene anali cikhalire pakhonde pa nyumba ku Vanavara, malo a malonda pa mtunda wa makilomita 65. Iye anasimba kuti anaona thambo ngati lang'ambika pakati, namva kutentha ngati malaya ace agwira moto, ndipo kenaka mphepo inamkankha kumcotsa pakhondepo.

Panalinso mboni zopanda pakamwa. Makina oyesa zibvomezi ku Irkutsk analemba kugwedezeka kwa nthaka. Makina oyesa kulemera kwa mpweya kutali ku Britain analemba funde la mpweya likudutsa. Ndipo kwa masiku angapo thambo la ku Ulaya linawala usiku, kotero kuti ku London anthu anatha kuwerenga nyuzipepala panja pakati pa usiku popanda nyali.

Koma mboni yaikulu koposa, ndiyo nkhalango yomwe, inadikira zaka 19 isanafunsidwe. Malowo ndi akutali, ndipo dziko la Russia linalowa m'nkhondo m'caka ca 1914 ndi m'cipolowe ca 1917. Munali m'caka ca 1927 pamene Leonid Kulik, katswiri wa miyala, anafika pamalopo. Iye anapeza mitengo itagona m'mizere, mizu yace yonse italoza ku malo amodzi. Anatsata mizuyo ali ndi cikhulupiriro cakuti pakati pace adzapeza dzenje lalikulu ndi citsulo cocokera kumwamba. Atafika pakatipo sanapeza dzenje ai. Anapeza mitengo iri ciriri, yopanda nthambi, yonga mitengo ya mawaya a lamya. Pa maulendo ena anakumba ngalande kuti aphwetse cithaphwi cimene anaciyesa dzenje la mwalawo, koma pansi pace anapeza citsa ca mtengo cakale. Citsaco cinaonetsa kuti cithaphwico sicinali dzenje la mwalawo. Kulik anamwalira m'caka ca 1942 ali wandende wa nkhondo m'manja mwa Ajeremani, mwala wace osaupeza.

Mwaona tsono kuti funso la mwana wa m'kalasi mwanga ndi lomwe linamtsata Kulik kufikira imfa yace.

3. OGANIZIRIDWA

Pamene cinthu cacikulu cacitika ndipo wocicita saoneka, anthu sacedwa kuchula maina. Tiyeni tiwaimike oganiziridwawo pabwalo mmodzi mmodzi.

Woyamba ndi Ogdy, mulungu wa bingu wa anthu a Evenki. Iwo anakhulupira kuti anatsika ndi mkwiyo, ndipo ena a iwo anaopa kuperekeza Kulik kumaloko. Tisawaseke, pakuti anafotokoza cimene anaona ndi nzeru zimene anali nazo, monganso anacitira ana a m'kalasi mwanga.

Waciwiri ndi combo ca alendo ocokera ku dziko lina la kumwamba. Ganizo limeneli linafala kuyambira m'caka ca 1946, pamene mlembi Alexander Kazantsev analemba nthano yopeka yonena zotero. Anthu ambiri anaiwala kuti inali nthano. Koma ofufuza apita kumaloko kawirikawiri, ndipo palibe anatolako citsulo cosulidwa ndi manja.

Wacitatu anachulidwa ndi akatswiri awiri a ku Texas, Jackson ndi Ryan, m'caka ca 1973. Iwo anati kanali kanthu kakang'ono kolemera koopsa, kamene asayansi akacha dzenje lakuda, ndi kuti kanalasa dziko lapansi monga mubvi. Anzao anayankha kuti mubvi wolowa mbali ino uyenera kutulukira mbali ina, ndipo kanthuko kakadatulukira ku nyanja ya Atlantic ndi kuphulika kwaciwiri. Makina sanalemba kuphulika kotero, ndipo ganizolo linagwa.

Wacinai ndi mpweya woyaka wotuluka pansi pa nthaka, monga anaganizira Wolfgang Kundt wa ku Germany. Koma mboni zambiri za m'midzi yotalikirana zinaona moto ukudutsa kumwamba kuphulika kusanamveke.

Wacisanu ndi nyenyezi ya mcira. Imeneyi si nyenyezi yeniyeni, koma cimulu ca madzi oundana osakanizika ndi pfumbi, cimene cizungulira dzuwa. F. J. W. Whipple wa ku Britain anachula ganizoli m'caka ca 1930. Ubwino wace ndi wakuti madzi oundana akasanduka nthunzi sasiya mwala, ndiponso pfumbi lace likhoza kuwalitsa thambo usiku. M'caka ca 1978 Kresák wa ku Slovakia anaonjeza kuti cingakhale cidutswa ca nyenyezi ya mcira yochedwa Encke.

Wacisanu ndi cimodzi ndi thanthwe loyenda mumlengalenga, limene asayansi alicha asteroid. M'caka ca 1983 Zdeněk Sekanina anatsutsa kuti cimulu ca madzi oundana cikadasweka pamwamba kwambiri, cisanayandikire nthaka. Ndipo m'caka ca 1993 Chyba, Thomas ndi Zahnle anaonetsa mwa masamu kuti thanthwe la mamita makumi angapo liyenera kuphulika lokha mumpweya pa msinkhu womwewo umene mitengo ya ku Tunguska isonyeza.

4. CIWERUZO

Cimene cinamasula mfundo ndi mitengo ija yoima pakati. Mphamvu ikadza kucokera pamwamba penipeni, ithyola nthambi koma siikankhira thunthu kumbali. Mitengo yakutali ilandira mphamvuyo capambali, ndipo igwa moloza kunja. Cotero kuphulikako kunacitika mumlengalenga, pa msinkhu wa makilomita 5 kufikira 10, ndipo ndico cifukwa cace panalibe dzenje. M'zaka za m'ma 1960 ofufuza a ku Russia anajambula mapu a malo onse a mitengo yakugwa, napeza kuti aoneka ngati mapiko a gulugufe. Anaimika timitengo ta macesi tambiri, naphulitsa kaonga pamwamba pace mopendeka, ndipo timitengoto tinagwa m'maonekedwe omwewo. M'dothi anapezamo timibulu tating'onoting'ono tosungunuka, tokhala ndi citsulo ca nickel, conga ca m'miyala yakugwa kumwamba.

Nanga thanthwe liphulika bwanji popanda onga? Inu nonse mudziwa kuti pampu ya njinga itentha mukapopa msanga, cifukwa mpweya wapanikizika. Thanthwe lothamanga makilomita ambiri pa sekondi imodzi lipanikiza mpweya wa patsogolo pace koposa pamenepo, kufikira mpweyawo ulimba ngati khoma. Thanthwe lisweka, zidutswa zace ziswekanso, ndipo mphamvu yonse ya liwiro lace isanduka moto ndi mphepo m'kamphindi. Citsulo ndico cipirira koposa. Ndico cifukwa cace ku Mbozi m'dziko la Tanzania, pakati pa Tunduma ndi Mbeya, kuli citsulo cocokera kumwamba ca mamita 3 m'litali, ndipo ku Hoba m'dziko la Namibia kuli cina ca matani 60.

Ciweruzo ca ambiri tsono ndi ici: cinthu ca mamita 50 kapena 60, ndilo theka la bwalo la mpira, cinacokera kunja kwa dziko ndi kuphulika mumpweya. Asayansi ambiri lero atsamira ku thanthwe, ndipo ena akali kuimira nyenyezi ya mcira. M'caka ca 2007 ofufuza a ku Bologna m'dziko la Italy anati kanyanja kochedwa Cheko, makilomita 8 kucokera pakati paja, kanakumbidwa ndi cidutswa ca mwalawo. Ofufuza a ku Russia anayesa matope a pansi pace, nati kanyanjako nkakale kuposa 1908. Taonani kuti anthu awa atsutsana kwa zaka zambiri popanda kutukwanana kapena kupitikitsa munthu pamudzi. Ali yense abwera ndi umboni wace, ndipo wogonja abwerera kukafufuzanso. Kuona maso a nkhono nkudekha.

5. MBONI YATSOPANO

Pa 15 February, 2013, nthawi ya 9.20 m'mawa, mwala wa mamita pafupifupi 20 unalowa mumpweya pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk, m'dziko lomwelo la Russia. Liwiro lace linali makilomita 19 pa sekondi, ndiko kunena ulendo wa ku Chipata kufika ku Lusaka m'theka la mphindi. Unaphulika pa msinkhu wa makilomita 30, ndipo nthawi iyi makamera ambiri a m'magalimoto anaujambula. Cimene asayansi anacipeza mwa masamu cinaoneka ndi maso. Pambuyo pace cidutswa colemera makilogalamu oposa 500 cinabvuulidwa m'nyanja ya Chebarkul.

Palibe anafa, koma anthu pafupifupi 1,500 anabvulala, ndipo nyumba zoposa 7,000 zinaonongeka. Cherani khutu apa, pakuti ndi pofunika kwa ife. Ambiri sanabvulazidwa ndi mwala, koma ndi magalasi. Kuunika kufika msanga, koma phokoso ndi mphepo ziyenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, monga tiona mphezi tisanamve bingu. Anthu ataona kuwalako anathamangira kumazenera kukasuzumira, ndipo patapita mphindi imodzi ndi theka kapena kuposapo mphepo inafika ndi kuwaswera magalasi kumaso. Koma mphunzitsi wina wamkazi wa mumzindamo, ngakhale sanadziwa cimene cinacitika, analamula ana 44 kuti abisale pansi pa madesiki. Iye yekha anatemeka kwambiri ndi magalasi, koma mwa anawo panalibe wobvulala.

6. KODI NGOZI NDI YAIKULU BWANJI?

Tinene zoona, osakuza ndiponso osacepsa. Pfumbi ndi timiyala zigwera dziko tsiku ndi tsiku, ndipo zipsa zisanafike pansi. Izi ndizo tiziona usiku ndi kunena kuti nyenyezi yathothoka. Nthawi zina mwala ufika pansi, monga unagwa ku Monze m'dziko lathu lino m'caka ca 1950. Mwala wonga wa ku Chelyabinsk udza kamodzi pa zaka makumi angapo kapena 100. Wonga wa ku Tunguska udza kamodzi pa zaka mazana ambiri kapena zikwi, ndipo popeza mbali yaikulu ya dziko ndi nyanja ndi malo opanda anthu, kawirikawiri udzagwa kumene kulibe midzi. Waukulu koposa, wa makilomita 10, unagwa ku Chicxulub m'dziko la Mexico zaka 66 miliyoni zapitazo, ndipo mitundu yambiri ya zamoyo inatha.

Lero kuli alonda amene ayang'ana kumwamba usiku uli wonse ndi makina oonera kutali. Iwo alemba m'kaundula miyala yoposa 35,000 imene njira zace ziyandikira dziko lathu, ndipo mwa ikuluikulu ya kilomita imodzi kapena kuposa apeza yoposa 9 mwa 10 iri yonse. Imene ibvuta ndi ing'onoing'ono, makamaka yocokera ku mbali ya dzuwa, monga wa ku Chelyabinsk umene palibe anauona usanafike.

Africa ali ndi mbali yace m'nkhani imeneyi. Mwala woyamba kuoneka usanagwe unapezeka pa 6 October, 2008, ndipo m'mawa mwace unaphulika pamwamba pa cipululu ca ku Sudan, kumene akatswiri ananeneratu. Ophunzira a pa University of Khartoum anayenda mumzere m'cipululumo natola zidutswa zace mazana. Pa 2 June, 2018, wina unaoneka maola 8 usanaphulike pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zace zinapezeka ku Central Kalahari.

Anthu ayambanso kuyesa kupatutsa miyala imeneyi. Pa 26 September, 2022, combo ca a NASA cochedwa DART cinagunda dala mwala wochedwa Dimorphos, umene uzungulira unzace waukulu, ndipo ulendo wace wozungulira unafupika ndi mphindi zoposa 30. Mwala ukadziwika zaka zambiri usanafike, kuukankha pang'ono kukwanira. M'mwezi wa February, 2025, mbiri inamveka yakuti mwala wochedwa 2024 YR4 ungagunde dziko m'caka ca 2032, ndipo mwai wace unafika pa 3 mwa 100. Alonda a m'maiko ambiri anapitiriza kuuyesa, ndipo mwezi womwewo usanathe anapeza kuti udzaphonya. Mutu umodzi susenza denga.

7. PHUNZIRO KWA IFE APHUNZITSI

Coyamba, tiphunzitse ana kulekanitsa cimene aona ndi cimene aganiza. Kuunika kukadutsa usiku, m'mawa mwace tiwafunse: Kunacokera mbali iti? Kunatha masekondi angati? Munamva phokoso kodi, ndipo linafika liti? Alembe mayankho m'makope ao ndi tsiku lace. Mwana wozolowera mafunso otere sadzafulumira kuchula dzina la munthu.

Caciwiri, tiwaonetse ndi manja. Dzazani mcenga m'licero, imikanimo timaudzu touma, ndipo mwana mmodzi auzire mwamphamvu kucokera pamwamba ndi bango. Aone okha timene tagwa ndi kumene taloza. Atenge pampu ya njinga amve kutentha kwace. Zipangizo izi ziripo pa sukulu iri yonse ya kumudzi.

Cacitatu, tiwaphunzitse lamulo la mphunzitsi wa ku Chelyabinsk. Kuwala kwacilendo kukaoneka kumwamba masana, acoke kumazenera, abisale pansi pa madesiki, ndipo adikire mphindi zingapo. Lamulo lomweli liwathandizanso pa mphepo ya mkuntho.

Cacinai, tikonzekere tsiku la 13 April, 2029. Usiku umenewo mwala wochedwa Apophis, wa mamita pafupifupi 340, udzadutsa pa mtunda wa makilomita 32,000 kucokera pa dziko, ndipo kuno ku Africa udzaoneka ndi maso ngati nyenyezi yoyenda, kukapanda mitambo. Akatswiri anauyesa bwino m'caka ca 2021, napeza kuti sudzagunda dziko m'zaka 100 zikudzazi. Koma inu mudziwa momwe mphekesera ziyendera pa mafoni. Adzakhalapo onena kuti dziko likutha, ndi ena ofuna kudyerapo ndalama za anthu amantha. Makolo adzabwera kudzafunsa ife. Tiyambe tsopano kuwauza. Tsiku la 30 June, limene bungwe la United Nations linapatula m'caka ca 2016 kuti likhale lokumbukira za miyala imeneyi, ndi loyenera phunziro lotere caka ndi caka.

Potsiriza ndibwerere kwa mnyamata uja. Ndinamuitana ndi kumuuza kuti funso lace linali labwino kuposa yankho langa loyamba. Ndinamfotokozera kuti miyala yambiri yotere ipsa ndi kutha isanafike pansi, ndipo tinauzira pamodzi timaudzu ta mumcenga. Kenaka ndinafunsa kalasi lonse kuti anaona ciani ceniceni cokhudza agogo aja. Panalibe amene anaona kanthu. Lacisanu lotsatira ana anai anapita kukawatungira madzi.

Mulungu amene anaika nyenyezi m'malo mwace anatipatsanso maso, makutu ndi nzeru zakufunsa. Nchito yathu ndi kuthandiza ana kuti azigwiritse bwino, kuti asaope copanda pace ndiponso asanamizire mnansi wao.